Kampani Yabadwira Patebulo Langa

Loweruka lija ndinabwera kuchokera m'tauni ndili ndi ludzu la mpira wa pawailesi, koma ndinapeza wailesiyo ili chagada patebulo, matumbo onse panja ngati mbuzi ya pachinkhoswe. Anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi anali ataizungulira. Mphwanga, amene ndikumusunga kuno ku Mkoba pomwe akuphunzira za uinjiniya, ananjuta mwaulemu n'kunena kuti, "Malume, musade nkhawa. Tangobwereka sipika."

Wailesi imeneyi anagula ndi bambo anga ndi thukuta la kumigodi ya chrome ku Shurugwi, atabwera kuchokera ku Dedza. Inapirira chaka cha 2008 ndalama zikusanduka mapepala oyatsira moto, inaona bond note, inaona RTGS, inalengeza yokha kubadwa kwa ndalama ya ZiG mu 2024. Zonsezi sinatsokomole n'komwe. Yaphedwa ndi ana asanu m'masana amodzi.

Akuti akupanga kachipangizo kolira madzi akangofika pampopi. Nzeru yake ndi yabwino, sindikana. Madzi a ku damu la Gwenhoro kwathu kuno amayenda ngati mfiti, amafika pakati pa usiku osagogoda, tambala asanalire apita.

Koma musaganize kuti ntchito inayamba ndi waya. Sabata yoyamba anagawana maudindo. Mphwanga ndi CEO. Mnzake wamtali ndi CTO. Wina ndi mkulu wa zachuma, ndipo chuma chake ndi madola atatu amene anandibwereka ine. Sabata yachiwiri anakangana za dzina la kampani mpaka awiri anatuluka m'gulu la WhatsApp, n'kubwezeredwamo atapepesedwa. Sabata yachitatu anajambulitsa chithunzi pansi pa wotchi ya Boggie pakati pa tauni, manja atapinda pachifuwa, nkhope zili gwa ngati eni fakitale ya Bata. Nditafunsa kuti chipangizocho chili kuti, anandiuza kuti boma likufuna Education 5.0, kuti masukulu aukachenjede azitulutsa katundu osati madigiri okha. Ine ndinangoona kuti m'nyumba mwanga chikutuluka ndi shuga.

Ndiye pali Project Manager. Mnyamata ameneyu sanagwirepo pulayala chibadwire. Amabwera atavala jekete kunja kukutentha, laputopu kukhwapa, ndipo amadziwa nthawi imene mayi akunyumba amaphula nsima kuposa mmene amadziwira lamulo la Ohm. Anzake atatchula breadboard, kabolodi kazibowo kobayapo mawaya, iye anangomva mbali yoyamba ya liwulo. Malofu awiri patsiku. Ali ndi tchati cha mizere yamitundumitundu chosonyeza kuti ntchito ili pa 60 peresenti, ndipo ndikukhulupirira kuti amawerengera ndiwo zanga. Amanditchula "stakeholder". Mwana woti ndinamuona akuyenda wopanda kabudula ku Mtapa, lero ndine stakeholder pakhomo panga!

Arduino yawo, kabongo kachipangizocho, inayitanitsidwa ku Johannesburg kudzera kwa kondakitala wa basi. Inagona pa Beitbridge masiku amene Project Manager anawalemba pa tchati kuti "kafukufuku". Itafika, CTO analumikiza mawaya mopingasa, kautsi n'kutuluka kofuka ngati tayala. Anachititsa msonkhano wa maola awiri wofufuza wolakwa, ndipo anagwirizana kuti wolakwa ndi soketi yanga.

Ndinawakumbutsa za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala, anapanga makina amphepo opanga magetsi ndi dayinamo ya njinga, mitengo ya bulugamu ndi zitsulo zotola kudzala. Analibe CEO. Project Manager anagwedeza mutu mwachisoni n'kunena kuti vuto la Kamkwamba linali branding.

Mtsikana uja yekha ndiye alibe udindo. Anamuiwala pogawana. Magetsi atathima Lachitatu, anyamata anatseka malaputopu n'kuyamba kukambirana za galimoto zimene adzagule. Iye anapempha mbaula, anatenthetsa msomali pamakala, n'kumawotcherera mawaya mmodzimmodzi, tochi ya foni ataluma kukamwa. Ndinamuyang'ana ndipo ndinakumbuka manja a bambo anga akukonza nyale ya kumgodi. Usiku umenewo ndinamupatsa ntchafu ya nkhuku. Project Manager anapatsidwa khosi.

Chipangizocho chinamangidwa pampopi Lachisanu, ndi malankhulidwe atatu. Madzi anafikadi cha m'ma 2 koloko usiku. Magetsi kunalibe, ndipo batire inali pa mzere wa tchati wa mwezi wamawa. Chimene chinatidzutsa ndi beseni lachitsulo limene mayi akunyumba akhala akusiya pansi pa mpopi wotsegula kwa zaka khumi, limene limalira ngo ngo ngo mpaka agalu a kwa aneba kuuwa. Tinatunga migolo itatu, mainjiniya ali mkonono.

M'mawa ndinapempha sipika yanga. Project Manager anatsegula laputopu n'kundionetsa kuti sipikayo tsopano ndi katundu wa kampani, ndipo ine ndili ndi masheya 2 peresenti. Kenako anafunsa mayi akunyumba ngati beseni lija lili ndi patent.