Mukufuna kukhala tate wa fuko? Malangizo kwa mnyamata wa ku Chintheche

Achimwene, tamva kuti chilimira chakutopetsani, tsopano mukufuna kuyambitsa chipani kuti tsiku lina nkhope yanu idzakhale pa ndalama. Ganizo labwino. Boma la Nkhata Bay silisowa ana oyambitsa zinthu, koma odyerera amakhala ena. Tcherani khutu.

Choyamba, musaitane alendo. T.D.T. Banda, mwana wa kuno, adali pulezidenti wa Nyasaland African Congress mu 1957 pamene chipanicho chinkaitana dokotala wina kuti abwere kudzathandiza. Pa 6 Julaye 1958 Dr Kamuzu Banda akutsika ndege pa Chileka, T.D.T. n'kuti atachotsedwa kale pampando, ati pa nkhani ya ndalama. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Adaiwala kunena mutu womwe kamayambira.

Chachiwiri, musasungire munthu mpando. Atsamunda ataletsa Congress mu 1959, Orton Chirwa, wa kuno yemwe, adayambitsa Malawi Congress Party pamene Kamuzu adali m'ndende ku Gwelo. Dokotala atatuluka mu Epulo 1960, Orton adanyamuka mwaulemu n'kumupatsa mpandowo. Pofika 1964 nduna zidakangana ndi mwini mpando watsopano, ndipo woyambitsa chipani uja adathawira ku Tanzania.

Chachitatu, musavutike ndi sukulu ya malamulo. Orton adaphunzira uloya ku London, nadzakhala nduna ya zachilungamo. Atagwidwa mu Disembala 1981 pamodzi ndi mkazi wake Vera, loyanso, adawazengera mlandu ku khoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. Mu 1983 adawagamula kuti aphedwe, kenaka chilango chidasinthidwa kukhala moyo wonse m'ndende. Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mabuku onse aja sadatsegule chitseko ngakhale chimodzi.

Chachinayi, musatengere za ku America. George Washington adalamulira kuyambira 1789 mpaka 1797, kenaka adati zakwana, nabwerera kumunda kwake ku Mount Vernon. Kupuma kudali kosavuta, poti khasu ankagwira ndi akapolo ake. Inu chinangwa chanu adzalima ndani? Kwathu kuno njira yoyesedwa kale ndi ina: mu 1971 nenani kuti ndinu wamuyaya, mukhalepo mpaka 1994. Mphotho yake ndi bwalo la ndege, bwalo la mpira, chipatala chachikulu, tsiku la tchuthi pa 14 Meyi, ndi nkhope pa K1,000.

Chachisanu, ngati thupi likuyabwabe kuti muyambitse kanthu, kayambitsireni kutali. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, adakakhazikitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Bungwelo lidagawikana zaka khumi zisadathe, komabe a ku South Africa amamutchula mpaka lero, ndipo sadafere m'ndende.

Tsono chochita n'chapafupi. Pitani kunja, mukakhaleko zaka makumi anayi, kondowole mumuiwale, chilankhulo chomwe muiwale. Mwana wina wa ku Nkhata Bay adzayambitsa chipani, adzachilembera malamulo, adzapukuta mpando. Inu mudzangotsika ndege mutavala suti yakuda, litchowa kumanja, womasulira pambali.