A Mlonda Anga Amadya Mamega

Pamene akuluakulu oyang'anira za mafoni ku Maputo adakweza mtengo wa intaneti m'mwezi wa Meyi 2024, kufikira ophunzira adatuluka m'misewu ndi zikwangwani ndipo boma lidati mitengoyo iyambe yaima, ambiri kuno ku Mandimba adayesa kuti maliro amenewo ndi a anyamata a pa Facebook okha, osadziwa kuti pakati pa olira padalinso ine, mlimi wa nandolo ndi mbuzi, amene ndikusunga wantchito wosadya nsima, wosamwa thobwa, koma wotafuna mamega usana ndi usiku. Wantchitoyo ndi kamera, ndipo pakhomo panga timati a Mlonda, pakuti iye amene adya ndalama zoposa mwini nyumba ayenera ulemu wa nduna.

Ndidakawatenga ku Cuamba chifukwa mbuzi zanga zidazolowera kutuluka m'khola usiku osatsazika. Ndipo mbuzi ya ku Mandimba ikasowa madzulo, pomwe tambala akulira imakhala itawoloka kale ku Chiponde, ili kanyenya m'dziko la eni. Chithirireni phula pa msewu wa N13, ulendo wa pa chapa, minibasi za kuno, sutopetsanso; chotopetsa ndi ulaliki wa mnyamata wa m'sitolo, amene adayala makamera patebulo nandifotokozera mafuko ake: lina la nthambo, lofuna bokosi losungiramo zithunzi ndi magetsi osazima, lina la dzuwa, lokhala ndi kasola pamutu, batire m'mimba, SIM khadi m'nthiti.

"Madala, kumunda kwanuko magetsi aliko?"

Ndidamuyankha modzichepetsa kuti ndidamva pa wailesi za masola ambirimbiri amene adatsegulidwa ku Tetereane mu 2023, ndi kuti nthambo zopita ku Lichinga ndimazipatsa moni zikamadutsa m'mwambamo, koma kuti kwathu kuwala kumatha pamene dzuwa lalowa. Tsono adandisankhira a dzuwawo. Ndipo kuti ndikwanitse mtengo wawo ndidagulitsa zina mwa mbuzi zomwe adabwera kudzalonda, motero ntchito yawo idapepuka asanaiyambe.

Malamulo a kakhalidwe kawo adali ambiri kuposa a chinamwali. Akhale pamwamba posafika dzanja la munthu, asayang'anizane ndi dzuwa lotuluka lingawachititse khungu, kasola kawo kapenye kumpoto, ndipo choposa zonse, akhale pamene netiweki ikufika. Taonani, khola langa lili m'munsi cha kudambo, pamene netiweki imakhala pachulu pokha. Ndiye titaimika mlongoti pachulupo, a Mlonda adayamba kuona theka la khola, njira yonse ya kuchitsime, ndi khomo la alamu anga. Masiku ena mlengalenga mumadzaza netiweki ya ku Malawi, yathu nkuthawa, ndipo iwo amangoti duu, osanena kanthu kufikira m'mawa.

Akalankhula, ndiye salekeza. Maso awo amafiira usiku kuti aone mumdima, ndipo kuwalako kumaitana agulugufe, agulugufe aitana akangaude, kangaude naluka ukonde pamaso pawo penipeni, tsono kanthu kakangogwedezeka, kaya ndi tsamba la nthochi, kaya ndi kadzidzi, foni imalira kumutu kwa mphasa, mayi a kunyumba nandigwedeza nati, "Abambo, dzukani, abwana anu akuitana." Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: ndimatuluka ndi tochi ndi chibonga, kukapeza mphaka. Pambuyo pake anansi adandichenjeza kuti kasola ndi batire ndi zokoma kwa mbala kuposa mbuzi yowonda, ndipo chiyambire tsiku limenelo ndimagona patsinde pa chulu, m'mphepo ya mu Juni, kulonda a Mlonda.

Malume anga a ku Massangulo, ku Ngauma, atabwera kudzacheza, adauzungulira mlongotiwo mwakachetechete, manja kumbuyo.

"Mphwanga, galu amauwa. Awa amatani?"

"Amaona, malume."

"Akaona?"

"Amandiuza."

"Nanga wothamanga ndani?"

Sindidawayankhe, pakuti mkulu sayankhidwa pa mafunso onse.

Koma ndisawanamizire ulesi, chifukwa usiku wina adagwiradi ntchito. Adajambula munthu akutsekula khola, mbuzi paphewa, chipewa chomwe ndidampatsa ndekha pa Khirisimasi chili kumutu, kayendedwe kake kotsimphina konse kuja: alamu anga. Mayi a kunyumba, amene amaona nsabwe m'mutu mwa mwana ali kutsidya kwa bwalo, adaiyang'ana foniyo nthawi yaitali nati chithunzicho nchosaoneka bwino. Kubwalo kwa amfumu, nduna zidapempha kuti ndibwereze kanemayo kangapo, zikutamanda nzeru za masiku ano, kufikira mamega anga adatha. Ndipo chigamulo chidali chakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, za pabanja zikathere pabanja, ine ndipereke nkhuku yothokoza bwalo.

Ndikhululukireni ndileke kaye nthabwala. Mbala ya usiku idandibera mbuzi, koma amene amandisaukitsa chaka ndi chaka amabwera masana, atapachika sikelo panthambi ya mango m'mbali mwa msewu, sikelo imene palibe adaiyesapo chiigulireni. Amatchula mtengo wa nandolo wanga ali chikhalire, podziwa kuti ndilibe nkhokwe yodikirira mtengo, ndilibe galimoto yofikira ku Nacala kumene nandoloyo amakwera chombo cha ku India, ndipo mwana akufuna makope mawa. Amene adapatsidwa udindo woyesa masikelo amenewo ndi malipiro a misonkho yathu, ife sitiwaona kumidzi kuno, ndipo palibe kamera m'sitolo za ku Cuamba yomwe ingagwire ntchito yawo.

Loweruka likudzali a Mlonda sapezeka pakhomo. Amayi a mvano amva kuti ali ndi luso lojambula, ndipo awapempha kuti akajambule ukwati wa mwana wa alamu anga omwe aja, kumene ndamva kuti kudzakhala nyama ya mbuzi yokwanira mudzi wonse. Ine sindipitako, chifukwa mlongoti nawo ndi wa bulugamu wowongoka bwino, ndipo alipo kale amene afunsa kuti ndidaudula kuti.