Kodi Mlendo Amamudziwa Bwanji Mdani?

Pa 15 Julayi 1861 kagulu ka azungu ndi atengatenga awo kananyamuka kwa Chibisa, m'mbali mwa Shire ku Chikwawa, n'kuyamba kukwera mapiri. Pakati pawo panali Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican, wotumidwa ndi bungwe la mayunivesite a ku Britain lija timalitcha UMCA. Anali atangodzozedwa kumene pa 1 Januwale chaka chomwecho ku Cape Town. Wotsogolera njira anali David Livingstone, yemwe mawu ake ku Cambridge mu 1857 ndiwo anautsa mitima ya anthuwa. Bishopuyo, dzanja lina anagwira ndodo yake ya ubishopu, dzanja lina mfuti, komanso ananyamula thumba la mbewu.

Za ndodo ndikumva, za mbewu ndikumvanso. Koma munthu wopita kukalalikira amanyamuliranji mfuti? Akuti Livingstone ndiye anawalangiza kutero, kuti anthu a chiwembu akaona mfuti aope, pasakhale ndewu. Mwina n'zoona. Chondizunguza n'chakuti pamene Yesu ankatuma ophunzira ake awiriawiri, monga timawerengera pa Luka 10, anawaletsa ngakhale chikwama cha ndalama, ndipo anawauza kuti azidya zimene eni nyumba awapatsa. Kodi lamulo limenelo linali la ku Galileya kokha? Kapena limasiya kugwira ntchito munthu akaoloka nyanja?

Tsiku lotsatira atanyamuka kwa Chibisa, alendowo ali pamudzi wa Mbame, panatulukira mdipiti wa akapolo akutsika phiri, kulowera ku Tete. Anali anthu 84, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Amuna anali m'magoli, mtengo wa mphanda uli m'khosi, chitsulo chitatseka kukhosiko. Owayendetsa ankaliza malipenga monyadira, koma ataona azungu anamwazikira kutchire. Bishopu sanaone zimenezi chifukwa anali atapita kukasamba kumtsinje. Otsala pamudzipo anadula zingwe za amayi ndi ana ndi mipeni, ndipo magoli anawacheka ndi sowo imene anaipeza m'katundu wa bishopu yemweyo. Kenako anauza anthuwo kuti atenge ufa umene anasenza, aphike, adye okha ndi ana awo. Poyamba sanakhulupirire. Atakhulupirira, nkhuni zosonkhera motowo zinali magoli omwe aja.

Pamenepa ndilibe funso lodzudzula. Ndani angaone mwana ali pachingwe n'kunena kuti ndidikire kaye ndiphunzire chinenero? Ndikanakhalapo ndikanagwira nawo sowo ija. Mmodzi mwa ana amene anamasulidwa m'masiku amenewo ndi Chuma, yemwe patapita zaka 12 anathandiza kunyamula mtembo wa Livingstone ulendo wautali wopita kugombe la nyanja ya mchere.

Funso langa lili pa m'mawa mwake. Anthu 84 aja apite kuti? Midzi ya ambiri inali itapsa, ndipo kuwasiya panjira kunali kuwapereka kwa ogula ena. Ndiye bishopu anawatenga. Munthu amene anabwera kudzafuna anthu oti awaphunzitse, pa tsiku lachiwiri la ulendo anapezeka ali bambo wa khamu lofuna nsima m'mawa ndi madzulo, ndipo khamulo linkakulirakulira pamene akapolo ena ankamasulidwa. Pokhala ndi khamu anafuna malo otetezeka, ndiye anasankha Magomero, kwa mfumu Chigunda, pamene mtsinje wa Namadzi umakhota n'kuzinga malowo mbali zitatu. Mbali yotsalayo anamanga linga. Kodi analipo amene anafunsa amayi a pamudzipo ngati madzi a pamenepo ndi abwino kumwa anthu ochuluka chotero? Ndikufunsa chifukwa malowo anali otsika, ndipo posakhalitsa kamwazi anayamba kutenga ana.

Sabata imodzi yokha itapita chichokere kwa Mbame, pa 23 Julayi, bishopu ndi anzake pamodzi ndi Livingstone anapita cha kuphiri la Zomba kukakumana ndi Ayao, amene Amang'anja ankati ndiwo akutentha midzi. Anapita kuti akakambirane. Mivi inauluka, mfuti zinalira, anthu anafa. Livingstone pobwerera kusitima yake, Pioneer, anawachenjeza kuti asalowerere mikangano ya mitundu. Koma mafumu a Chimang'anja ankabwera ku Magomero kudzadandaula, ndipo mu Ogasiti bishopu anavomera. Anawalumbiritsa kuti sadzagulitsanso munthu, kenako anatsogolera gulu lalikulu kukatentha midzi ya Ayao.

Apa ndi pamene mutu wanga umaima. Munthu amene wakhala m'dziko mwezi umodzi, wosamva Chimang'anja, wosamva Chiyao, amadziwa bwanji kuti wolakwa ndi uyu, wolakwiridwa ndi uyu? Zonse ankazimva kudzera mwa omasulira, anthu amene anawomboledwa ku ukapolo kalekale n'kumakhala ku Cape Town, ndipo odandaulawo anali a mbali imodzi. Kodi amene wayamba kufika kwa mlendo ndi misozi ndiye wolungama? Anzake a bishopu anadzazindikira pambuyo pake kuti Ayao ambiri nawonso anali othawa nkhondo ndi njala kwawo kum'mawa, kuti Amang'anja ena nawonso ankagulitsa anthu, ndiponso kuti pakati pa anthu amene ankawasunga m'linga muja munali Ayao ochuluka. Nanga mayi wa Chiyao amene nkhokwe yake inapsa tsiku limenelo, akanamva kuti alendowa abwera ndi uthenga wabwino, akanati chiyani?

Chinanso chimandivuta. Amishoniwa anazengereza kuphunzitsa za Mulungu m'miyezi yoyambayo, poopa kupotoza uthenga ndi chinenero chimene sanachidziwe bwino. Ndikuwalemekeza pa zimenezo. Koma ngati chinenero chawo chinali chosakwanira kufotokoza za Mulungu, chinakwanira bwanji kuweruza mlandu wa nkhondo? Chovuta kwambiri n'chiti pa ziwirizi?

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunyoza munthuyu. Anali wa mtima wabwino, wosadzikonda. Pobwerera ku nkhondo ina ananyamula paphewa kamtsikana kodwala mtunda wonse mpaka ku Magomero, ndipo kanakula. Anasiya moyo wa mtendere ku Cambridge, kumene anali katswiri wa masamu. Ndipo sanakhalitse. Mu Januwale 1862, akupita kukachingamira mlongo wake amene ankabwera kudzathandiza ntchito, bwato lake linagubuduzika pa Shire, mankhwala a kwinini n'kumira. Malungo anamupha pa 31 Januwale pa kachilumba ka pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo manda ake ali kufupi ndi Chiromo. Otsalawo anachoka ku Magomero chaka chomwecho kubwerera kwa Chibisa, njala yoopsa inagwa m'chigwa chonse, enanso anamwalira, ndipo pofika 1864 Bishopu William Tozer anali atasamutsira mishoniyo ku Zanzibar. Kodi akanakhala kuti mwezi woyamba uja anangokhala pansi n'kumamvetsera, zikanatha mwa mtundu wina? Kapena kukhala pansiko kukanangopatsa mpata ogula akapolo? Ndimayesa kuyankha mbali iyi, mbali inayo n'kundikoka.

Masiku ano timaona magulu a alendo akutsika ndege ku Chileka ndi ku Lilongwe atavala malaya ofanana, abwera ku ntchito ya Mulungu ya masabata awiri. Nafenso mipingo yathu imatumiza achinyamata ndi alaliki ku Mozambique ndi maiko ena. Mfuti sanyamula, koma amanyamula ndalama, simenti, mabuku ndi malonjezo, ndipo pa tsiku loyamba lomwelo pamakhala wina wowalandira amene amawauza kuti mudzi wovutika ndi uti, mbusa wokhulupirika ndi uti, woyenera kumupewa ndi uti. Amene sanaitanidwe ku bwalo la ndege amamveka liti?

Abusa anga, ndi inu akuluampingo amene mumasanjika manja pa otumidwawa, ndithandizeni. Mukamawatsanzika mumawauza kuti m'masiku oyambawo achite chiyani akakumana ndi chinthu chosadikira, ngati ana aja a kwa Mbame? Ndipo mumawauza kuti adikire nthawi yaitali bwanji asananene kuti wolakwa ndi uje? Ngati yankho lilipo, lineneni pa guwa Lamulungu likubwerali, ena asananyamuke.