Kugona m'thengo nyumba uli nayo

Kwathu munthu akagona panja pamakhala chifukwa. Mwina kwagwa maliro, mwina akusunga malo pamzere wa feteleza, mwinanso mayi a kunyumba akhoma chitseko poti bambo abwera tambala atalira. Kuno ku Scotland, munthu wa nyumba yofunda ndi bedi la matiresi amabereka chikwama Loweruka, kukagona m'nkhalango mwadala, Lolemba n'kumauza anzake kuti wapumula. Boma nalo lidavomereza. Lamulo la malo la mu 2003 limalola aliyense kukhoma tenti pafupifupi paliponse kutchire, ngakhale malowo akhale a munthu, bola asawononge kanthu komanso asapitirire masiku awiri kapena atatu pamalo amodzi. Ku England kulibe mwayi wotere: kupatula ku Dartmoor, uyenera kuyamba wapempha mwini malo.

Chidandipereka ndi pakamwa pangapa. Mzungu wina wa kuntchito atanena kuti akupita ku Glen Affric, nkhalango yakalekale ya mitengo ya paini cha kumadzulo kwa Inverness, ndidamuseka. Ndidamuuza kuti ine ndidakula ndikupirikitsa anyani m'munda, afisi akulira kuseri kwa khola, tsono katchire ka ku Ulaya kangandiuze chiyani. Iye adangoti, "Tiye ukatiphunzitse."

Unali mwezi wa Okutobala. Kwathu apo n'kuti dzuwa likuswa mtengo, koma kuno ndiye nthawi yomwe masamba amachita chikasu n'kuyamba kuyoyoka, ndipo tizilombo toluma totchedwa midges tomwe timasowetsa anthu mtendere m'chilimwe timakhala titafa. Kukongola kokha sindikana, malowo ngokongola. Koma kukongola sikufunditsa munthu.

Mnzangayo adanyamula thumba logonamo, kamphasa kopopa, ndi kachitofu ka gasi kosaposa chibakera. Ine, katswiri, ndidanyamula bulangete, ufa, poto, mthiko ndi machesi. Nditayamba kuthyola nthambi adandigwira mkono: mitengo sadula, ndipo malangizo a kuno amati ndi bwino kuphikira pachitofu kusiyana ndi kusonkha moto. Nkhuni zake zomwe zinali zonyowa mpaka mkati. Ndiye yesani, abale anga, kuvundula nsima pakachitofu ka miyendo itatu yonga waya. Dzanja limodzi lagwira poto, lina mthiko, bondo likutchinga mphepo. Ndidangovundula kawiri, poto chadodolido, theka la nsima m'masamba. Yotsalayo inali ya mibulu, koma ndidamuuza mzunguyo kuti kwathu ya alendo olemekezeka timaphika choncho. Adadya n'kuthokoza.

Kenaka adatulutsa kafosholo kakang'ono. Mtima wanga udati myaa, ndimvekere kodi kunonso amakumba mbewa? Ayi ndithu. Kafosholoko n'kokumbira chimbudzi. Ukafuna kudzithandiza uyende mamita 30 kuchoka pamadzi, ukumbe, ukatha ukwirire bwinobwino. Ine bambo wa ana anga, tcheyamani wa komiti ya kutchalitchi, ndidayenda mumdima ndikuwerenga mapazi, kafosholo m'manja.

Mdima udagwa cha m'ma 6 koloko, ndipo kudacha patapita maola oposa 12. Kuzizira kwa kuno kumachokera pansi, kulowa m'nthiti. Bulangete langa lija lidanyowa ndi mame a m'tenti momwemo. Ndidavala malaya onse omwe ndidatenga, masokosi m'manja, n'kumvetsa chifukwa chake David Livingstone, wobadwira ku Blantyre wa kuno mu 1813, adasiya kwawo kukayendayenda kwathu kotentha.

Pakati pa usiku chinthu chidabangula kuphiri. Mawu akuya, okoka, china n'kuyankha kutsidya kwa mtsinje. Mutu unkandiuza kuti ku Scotland kulibe mikango, mimbulu idatha zaka mazana apitawo, njoka yaululu ndi mtundu umodzi wokha. Miyendo siyidamve zimenezo. Ndidayamba pemphero la Ambuye, kufika pakati n'kuyambiranso, kwinaku ndikugwedeza mnzanga. Iye osatsegula n'komwe maso adati ndi nswala zazimuna, ino ndi nyengo yake yolimbirana zazikazi. Ati anthu amachita kuyenda mitunda kudzamvera phokoso lomwelo. Adatembenuka n'kuyamba mkonono. Ine ndidachezera ndili chikhalire, mthiko m'manja.

M'mawa ndidamuuza kuti ndimalondera msasa, poti kwathu mwamuna sagona alendo ali pangozi. Adandiyamikira kwambiri, n'kundichenjeza kuti ndikafika kunyumba ndikadzifufuze thupi lonse, chifukwa nkhupakupa za m'nkhalangomo zimafalitsa matenda a Lyme. Mayi a kunyumba adandiimika m'bafa n'kundiunika ndi tochi ya foni ngati ng'ombe yopita kudibi. Adapeza imodzi kuseri kwa bondo, n'kuijambula, n'kuitumiza pa WhatsApp ku gulu la achibale. Alamu anga akundiyitana kuti Chiombankhanga cha m'Nkhalango.

Mzungu uja akuti mu Januwale tikagone pachipale chofewa. A Malawi anzanga muli kunoku, wina akakufunsani, nenani kuti Loweruka lililonse ndimakhala ndi msonkhano wa komiti.