Thukuta Logula

Ku Mponela kwafika gule wachilendo, koma ovina ake amakana kwamtuwagalu kuti ndi gule. Akuti ndi Zumba, masewera olimbitsa thupi. Mlamu wanga Nabanda, amene anauzidwa kuchipatala kuti BP yakwera, ndiye anali woyamba kulembetsa. Anagula nsapato zoyera ndi buluku lothina pakaunjika, koma popita amalikuta ndi chitenje, kuopa kukumana ndi anzake a Chigwirizano.

Holo imene amavinira Zumbayo ili poteropo, mwana utamutuma akhoza kubwerako madzi a nsima asanawire. Nabanda amakwera kabaza. Akuti asafike atatopa.

Loweruka lina ndinakasuzumira pawindo. Sipika ikulira Chisipanishi chimene m'holo monsemo palibe akuchimva, kamnyamata kophunzitsa kakukuwa kuti "Kumanja! Kumanzere!" ndipo azimayi akungogundana ngati mbuzi pakhomo la khola. Mwini guleyu ndi Beto Pérez wa ku Colombia. M'zaka za m'ma 1990 anaiwala kaseti yophunzitsira, n'kungoika salsa ndi merengue zimene anali nazo, ndipo pofika 2001 inali bizinesi ku America. Kwathu kuno woiwala ng'oma amamubweza kuti akaitenge. Mnzathuyu analemera nako kuiwala.

Tsikulo n'kuti kutabwera agogo a ku Ntchisi, amene zitunda za kwawo zinawaumitsa ngati mtengo wa muwanga. Anaima pakhomo, kathumba ka mtedza kali pamutu, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Nabanda, chimtali chanjichi chopanda ng'oma? Akukwatiwa ndani?"

"Iyayi agogo, tikuchotsa mafuta m'thupi."

"Mafuta omwewa tikuwasowa m'ndiwo?"

Atamva kuti aliyense walipira pakhomo, anatula kathumba kaja pansi. Anati kwawo makasu alipo anayi, mizere ya soya ikudikira, chitsime chili kutsidya kwa chigwa, ndipo salipiritsa munthu ngakhale tambala. Azimayi anaseka mwaulemu, uku akupukuta kumaso ndi timatawulo. Thukuta la kumunda, mukudziwa inu, silijambulidwa pa WhatsApp.

Nyimbo zitatha gulu lonse linalunjika pachiwaya m'mbali mwa M1. Nabanda anaitanitsa chipisi, nthuli zitatu za mbuzi ndi Fanta wozizira, ati kubwezeretsa mphamvu. Pobwerera wakabaza anamuyang'ana, n'kuyang'ananso tayala lakumbuyo.

"Mayi, lero muwonjezerako pang'ono."