Alemekezeke okapi wa dzimbiri

Pa zida zonse za m'thumba la bambo, palibe chofuna kunyengereredwa kuposa mpeni wa okapi, uja wa chitsulo cha kaboni. Ukangodula ndimu, wada bii. Ukagona pakhonde usiku umodzi wa mu Januwale, umadzuka utavala dzimbiri. Mwini wake sadandaula ayi. Amapita nawo pabawo kukaonetsa anzake mawangawo, amvekere mpeni weniweni ndi umenewu.

Ulemu wake ngwakalekale. Okapi anayamba kusulidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 amapangidwira ku South Africa. Chitsulo chake chili ndi kaboni wopitirira pang'ono theka la peresenti imodzi, koma chilibe chodzitetezera ku chinyezi. Asidi wa m'mandimu, m'matimati ndi mu anyezi amachidetsa pompo, nacho chimabwezera posiya kafungo ka chitsulo pa chipatsocho. Mwana akakwinya nkhope ndi bango losendedwa ndi okapi, bambo amati mwanayo ngwamwano.

Mankhwala a vutoli anapezeka kale. Mu 1913, Harry Brearley wa ku Sheffield anasungunula chitsulo chosakaniza ndi chromium, n'kuona kuti sichichita dzimbiri wamba. Chromium ikafika 10.5 peresenti, imagwirizana ndi mpweya n'kupanga kachikuto kosaoneka kotchinga madzi. Zaka zoposa 100 zadutsa, koma okonda okapi sanamukhululukirebe mkuluyu.

Mfundo ali nayo, tisawanamizire. Chitsulo cha kaboni chimamva mwala: kungochikwecha kangapo pa simenti ya khonde, chayamba kale kumeta ubweya wa pamkono. Timipeni tonyezimira totchipa tapamsika timatereratu pamwala, ndipo tikafika pa tomato timangomufinya. Mipeni yabwino yosachita dzimbiri ilipo, monga ija yofiira ya Victorinox ya ku Switzerland, kungoti kuno imapezeka italendewera ku makiyi a abwana ena a ku ofesi, ntchito yake kutsegula mabotolo kumisonkhano ya kunyanja. Ingabunthe bwanji isanadulepo kanthu?

Mdani weniweni wa okapi si mvula, ndi aneba. Amatuma mwana kuti, “Akuti mutibwerekeko mpeni tiphere nkhuku.” Nkhukuyo imadyedwa popanda ngakhale phiko lodutsa mpanda. Mpeniwo umaponyedwa m'beseni la mbale, n'kugona m'madzi a sopo mpaka Lachitatu. Ukabwerako, kamphete kake kotsekera kauma gwa, ndipo aneba amawonjezera malangizo aulere: “Achimwene, mpeni wanuwu watha, bwanji osagula wina?”

Apa bambo amakhala pansi ndi phulusa, kansanza ndi mafuta ophikira omwe mayi anawabisa kuseri kwa ndowa ya ufa. Amakwecha, amapukuta, amadzoza, uku akulumbira kuti sadzabwereketsanso. Loweruka kwa aneba kuli chinkhoswe, ndipo mbuzi yamangidwa kale pamtengo.