Chimbale Chalowa, Kompyuta Yakana

Kompyuta ya panyumba ikadwala mpaka Windows osadzuka, aliyense amadziwa mankhwala ake: lowetsani chimbale, makina ayambire pamenepo. Pakamwa n'zosavuta. Koma kompyuta ikangoyatsidwa imatsatira mndandanda wa malo oti iyambe kuyang'ana, ndipo mndandandawo umasungidwa ndi kapulogalamu kotchedwa BIOS. Kapulogalamuka kamakupatsani masekondi awiri kapena atatu kuti mukalankhule. Mukachedwa, kapita.

Malume anga anagula Dell yakaunjika. Mdzukulu wawo wa Fomu 3 anawauza kuti ikangoyaka adine F12, asankhe chimbale. Iwo anayatsa, n'kupinda manja, kudikira. Dzina la Dell linaoneka, linazimiririka, kenako ndi pamene anadina kamodzi, mwaulemu.

"Agogo, mwachedwa!"

"Ndimati imalize kaye zimene imanena. Si bwino kudula mnzako pakamwa."

Atawalangiza kuti batanilo amalimenya mosalekeza, anachita kuonjeza. Makina anayamba kulira, pii pii pii, mpaka azakhali anasuzumira kuchokera kukhitchini n'kufunsa ngati kwaya yayamba kale.

Tisawaseke kwambiri malume, chifukwa opanga makompyuta sanagwirizanepo chimodzi. Dell imafuna F12, HP imafuna F9, ina Esc, ndipo kulowa mu BIOS mwenimwenimo kwina ndi F2, kwina Del. Neba wathu anathana nalo vutoli kalekale. Iye amayala zala zonse khumi pamzere wapamwamba wa kiyibodi n'kumasindikiza pamodzi. Amati mwa onsewo, mwini wake avomera.

*

Alamu anga anapita kwa mnyamata wobena nyimbo pamsika ndi fayilo ya Windows mu fulashi. Fayilo yotereyi imatchedwa ISO, ndipo ndi chimbale chathunthu chomangidwa m'phukusi limodzi. Pobena, phukusilo liyenera kumasulidwa kuti chilichonse chikhale pamalo pake. Mnyamatayo analikoka lonse n'kuliponya pachimbale mmene amachitira ndi nyimbo za ukwati. Zili ngati kuika thumba la ufa losamasula patebulo n'kuuza alendo kuti asambe m'manja. Kompyuta inazunguza chimbalecho, inang'ung'udza pang'ono, n'kupitiriza ulendo wake.

Alamu atabwerera kukadandaula, mnyamatayo analowetsa chimbale m'makina ake, n'kuloza pasikirini.

"Bwana, fayilo yanu si iyi? Ilipo yonse. Kapena mukufuna ndikuikireniponso ka gospel?"

Chimbale chachiwiri chinabenedwa bwino, koma nachonso chinakanidwa. Alamu anachiuzira mpweya, anachipukuta ndi malaya, anachipaka mankhwala otsukira mano poti wina anawauza kuti amachotsa mikwingwirima. Mwana wawo wa Sitandade 5 ndi amene anawerenga zolembedwa pakachitseko ka thireyi n'kupeza kuti makinawo amawerenga CD yokha. Windows XP ya 2001 inkakwana pa CD ya 700 MB, koma Windows 7 ya 2009 inabwera pa DVD, chimbale cha 4.7 GB. M'maso zimbale ziwirizi n'zofanana. Alamu mpaka lero amati makinawo anali ndi tsankho.

*

Nkhani imene imandikomera kuposa zonse ndi ya aphunzitsi ena opuma ntchito, munthu womvera malangizo mpaka kumapeto. Iwo zonse zinayenda. BIOS anaigonjetsa, chimbale chinazungulira, pasikirini panabwera mawu akuti "Press any key to boot from CD or DVD". Anadina. Windows inakopera mafayilo ake kwa kanthawi ndithu, kenako makina anazima n'kuyakanso okha, monga amachitira. Chimbale chinali chikadali m'kati, choncho mawu aja anabweranso. Apa munthu amayenera kukhala chete, manja m'thumba, kuti makina apitirize pamene analekezera. Koma aphunzitsi anaona lamulo pasikirini, ndipo lamulo ndi lamulo. Anadinanso. Ntchito inayambira pachiyambi.

Dzuwa linapendeka, tiyi anazizira, nkhuku zinalowa m'khola, iwo akadali pampando kudina nthawi iliyonse akapemphedwa. Mwana wawo atafika madzulo anawapeza nkhope ili gwa.

"Bambo, mukanangoisiya osadina."

"Ndiye ikufunsiranji ngati sikufuna yankho? Ine zaka zonse zija m'kalasi, ndikafunsa funso ndinkafuna yankho."

Ine ndili kumbali ya aphunzitsi. Amene analemba mawu amenewo akanatha kuonjezera kuti kachiwiri musavutike.

Mwina tisadabwe kwambiri. Njira imene imachititsa kuti kompyuta iyambire pa CD inakhazikitsidwa mu 1995 ndi akatswiri a Phoenix Technologies ndi IBM, ndipo anaitcha El Torito, dzina la malo odyera a mumzinda wa Irvine ku California kumene anakambirana nkhaniyi. Zinthu zopanganidwa chakudya chili patsogolo timazidziwa tonse mmene zimathera.

*

Makompyuta okalamba ali ndi nthenda ina, kuiwala. M'kati mwake muli kabatire kozungulira, CR2032, kamene kamasunga nthawi ndi zimene mwasankha mu BIOS. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima makina amaiwala zonse. Dzulo munawauza kuti aziyambira pachimbale, lero sakukudziwani, ndipo tsiku labwerera zaka zambirimbiri m'mbuyo. Mayi wina ataona chaka chimene chinalembedwa pasikirini anauza mwamuna wake kuti asakonze chilichonse, chifukwa malinga ndi kompyutayo iwo anali asanakwatirane.

Makina omwewo ndi amene amati akapanda kuiona kiyibodi amalemba kuti kiyibodi palibe, dinani F1 kuti mupitirize.

*

Mpaka 2011, kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inkatumiza ma CD a Ubuntu ulere kudzera pa positi kwa aliyense wopempha. Msuweni wanga anaitanitsa mulu. Chimodzi anayesera pakompyuta, zotsalazo anamangirira kumbuyo kwa njinga kuti magalimoto azimuona usiku. Akuti pantchito imeneyi palibe chimbale chinamukanapo.

Msuweni yemweyo chaka chatha anagula laputopu yatsopano, yopyapyala bwino. Anatulutsa DVD yake ya Windows imene wakhala akuisunga m'Baibulo kuti isakandike, n'kuyamba kuitembenuza laputopuyo uku ndi uku kufuna thireyi. Anayang'ana kumanzere, kumanja, ngakhale kunsi. Ndinamuuza kuti za masiku ano zambiri zilibe polowetsa chimbale, anthu akugwiritsa ntchito fulashi.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana laputopu, n'kuyamba kufunafuna lisiti m'thumba.

"Ndinadziwa ine. Mtengo uja unali wotsika kwambiri. Achotsamo."